Chipewa cha a Bizeki ndi Tsiku Loyeza Miyendo

Pa 14 Malichi chaka cha 2022, dzuwa lili paliwombo, Priscilla Kadzuwa anali atakhala pakhonde la ofesi ya bungwe la Tiyendenso ku Mtakataka, ndodo zake ziwiri zoyendera zili pambali, chitenje chili matope okhaokha. Mwendo wake wamanzere unathera mmunsi mwa bondo. Anabwera kudzayezetsa mwendo wochita kupanga, koma pakhomo anapeza pali zii, chitseko chili chotseka.

"Pepani ndithu, mayi," anatero mlonda. "Oyeza miyendo anabwera sabata yatha, anabwerera kale ku Lilongwe. Adzabweranso Sepitembala."

"Koma achimwene anga aona pa intaneti kuti ndi lero."

"Simuli nokha. M'mawa uno abweranso ena awiri, nawonso akuti pa intaneti."

Priscilla anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Tsiku limene anamudula mwendo sanalire chonchi. Ngakhale tsiku limene mwamuna wake anachoka sanalire chonchi. Koma chitseko chija chinamumaliza.

Inu amene mwatopa ndi kugogoda pazitseko zotseka, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za mayi ameneyu. Musayembekezere zozizwitsa. M'nkhani yake muli kope lakale, makatoni, mafoni ong'aluka galasi ndi chipewa cha mkulu wina.

Priscilla anabadwira m'mudzi wina kwa Kachindamoto, chakunyanja. Mayeso a fomu folo analemba kawiri, ndipo kawiri konseko dzina lake silinatuluke. Sanakhale n'kumalira. Anayamba kupikula mpunga kusikimu ya Bwanje n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu pa Golomoti. Pakamwa pake panali pothwa. Munthu wongotsika minibasi kuti awongole miyendo ankabwerera ndi jumbo ya mpunga, osadziwa n'komwe kuti wagula nthawi yanji.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina lole yoduka mabuleki inalowa pamalo pamene ankakhala ogulitsa. Anzake anathawa, iye anachedwa ndi kukoka thumba lake. Atatsitsimuka kuchipatala anapeza mwendo palibe. Patangopita miyezi iwiri, mwamuna wake anati akupita ku Lilongwe kukafuna maganyu. Maganyuwo akuwafunabe mpaka lero.

Mchimwene wake Damiano, amene amagwira ntchito ku Joni, ndiye anamva zoti ku Mtakataka kuli bungwe lopereka miyendo kwaulere, ndipo akatswiri oyeza amabwera kawiri kokha pachaka. Anatsegula webusayiti ya bungwelo pafoni yake, n'kutsika nayo, n'kutsika nayo, mpaka pansi penipeni anapeza pamene panalembedwa kuti 14 Malichi. Chaka sichinalembedwe. Iye sanadziwe kuti limeneli linali tsiku la zaka zitatu zapitazo.

Choncho Priscilla anakwera pakaliyala wa kabaza, maola atatu m'matope a dzinja. Pamtsinje wina wakabazayo anachita kumubereka. Njira yonse ankaganiza chinthu chimodzi chokha: kudzaimanso chilili, manja onse awiri ali omasuka kunyamula mpunga.

Ali mkati molira pakhonde paja, panafika mkulu wina panjinga, atavala jekete ndi chipewa chakuda ngakhale kunali kutentha kwa kuchigwa kuno kumene mukukudziwa. Anali a Bizeki, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, wapampando wa bungwelo. Ndiwo analiyambitsa, akazi awo atadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga n'kumwalira asanayendenso. Anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kukhala pansi pomwepo, osasamala za thalauzi.

"Mwana wanga, wachokera kuti?"

Priscilla anawafotokozera zonse.

"Takulakwira," anatero a Bizeki. "Dzina lako ndililemba ndi dzanja langa. Sepitembala udzakhala woyamba."

Miyezi isanu ndi umodzi si kanthu kwa munthu wa miyendo iwiri. Priscilla anaimva tsiku ndi tsiku, atakhala pamphasa kwa mayi ake akupeta mpunga wa anthu ena, m'khwapa muli zilonda za ndodo. Koma a Bizeki anasunga mawu. Mu Sepitembala anamuyeza, mu Novembala mwendo unafika, ndipo pa Khirisimasi analowa m'tchalitchi akuyenda yekha, akutsimphina pang'ono koma mutu uli m'mwamba.

Chaka chitangoyamba anabwerera ku Mtakataka.

"Aphunzitsi, choti ndikupatseni ndilibe. Koma pakamwa ndili napo, kulembanso ndimatha. Ndiloleni ndizilandira alendo pano."

Anamupatsa katebulo pakhonde lomwe lija ndi kope lolembamo mayina. Pogona anapeza kwa azakhali ake pafupi ndi siteji.

Pakatebulo kameneka ndi pamene anazindikira kuti zimene zinamuchitikira sizinali tsoka lake yekha. Mu Malichi 2023 oyeza anabwera, n'kupita. Sabata yotsatira panafika anthu asanu ndi anayi, onse pa 14 pomwe paja. Priscilla ankafunsa aliyense funso limodzi: "Tsikuli munalimva kwa ndani?" Yankho linkafanana. Mwana ali ku Joni. Mlongo ali ku Blantyre. Mdzukulu wa ku sekondale. Onse anaona pa intaneti.

Pakati pa anthuwo panali a Chakufwa, msodzi amene ng'ona inawalanda mwendo. Anabwera pangolo ya ng'ombe kuchokera kunyanja, atauzidwa tsiku ndi mwana wawo wamkazi wogwira ntchito za m'nyumba ku Lilongwe. Atamva kuti achedwa, sanalire, sanakalipe.

"Basi, ndi mmene Mulungu wafunira," anatero.

"Bambo, ndipatseni dzina la mudzi ndi nambala ya mwana wanuyo, ndidzakuuzeni ndekha."

"Musavutike, mayi. Munthu sanamizidwa kawiri."

Ngolo inatembenuka. Mu Sepitembala a Chakufwa sanabwere, ndipo zinamupweteka kwambiri Priscilla. Anthu amene anali m'kope lake ankatha kuwaimbira foni. Nanga amene anataya mtima, ndi ena ambiri amene sanafikepo n'komwe, akanawapeza bwanji? Analumbira mumtima kuti pakhonde limeneli pasadzakhalenso munthu wolira chifukwa cha tsiku.

Safunsa anadya phula. Anapempha kuti aione yekha webusayiti imene inkasokeretsa anthuyi. Pakompyuta ya muofesi inatseguka bwinobwino, yokongola ngati kalendala. Kenako anaiyesa pafoni yake yong'aluka galasi, ali pakhonde. Panayera mbee. Anadikira. Pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba, panayamba kuoneka chinthu chakuda chozungulira. Chinali chipewa cha a Bizeki. Chithunzicho chinali chachikulu kwambiri moti chisanafike pamphumi, bandulo yake inatha. Tsiku lachitatu anafika pansidze.

Amene anali ndi netiweki yabwino ankadutsa chipewacho n'kupeza mawu olonjera a wapampando, aatali, m'Chingerezi cha aphunzitsi akale. Pansi pake panali akomiti onse ndi zithunzi zawo, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Kenako mafumu amene anapereka malo, atsogoleri a mipingo, mabungwe akunja othandiza, mbiri ya bungwe kuyambira tsiku loyamba. Tsiku loyeza miyendo linali kumapeto, m'lipoti lakale. Nambala ya foni inali ya foni imene inabedwa kalekale.

Musawaseke. Webusayitiyo anaipanga ngati mmene timapangira misonkhano yathu. Ndani wa ife angaime pagulu n'kungoyamba nkhani osalonjera mafumu, abusa ndi akuluakulu mwa ndondomeko yake? Akomiti anachita zimene makolo awo anawaphunzitsa. Anangoiwala kuti pamsonkhano munthu amadikira atakhala pamthunzi, pomwe pafoni amadikira bandulo ikutha.

Ndiye n'chifukwa chiyani tsiku lakalelo silinachotsedwe? Palibe amene ankadziwa pasiwedi yolowera kukasintha zolembedwazo. Amene anaipanga webusayitiyo anali mdzukulu wa mmodzi wa akomiti, ndipo anali atapita kalekale kukagwira ntchito ku Mzuzu. Priscilla anamusakasaka mwezi wathunthu mpaka anamupeza pafoni.

"Ine ndinapanga monga mmene akomiti anandiuzira," anatero munthuyo. "Ngati mukufuna kukonza, pasiwedi nayi. Koma makompyuta mumawadziwa?"

"Ayi. Koma mpunga ndinayambanso ndisakuudziwa."

Kunena zoona, poyamba zinali zomvetsa chisoni. Kambewa ka kompyuta kankamuthawa m'manja. Masana, anthu akapita kokadya, ankakhala pakompyuta ya muofesi akuonera mavidiyo ophunzitsa, kubwereza kamodzi kakhumi chifukwa Chingerezi chake n'chomwe chija chinamugwetsa fomu folo. Tsiku lina anadina pamalo olakwika ndipo webusayiti yonse inazimiririka. Masiku atatu sanadye bwino. Munthu wa ku Mzuzu uja anaibwezeretsa, n'kumupangira ina yoyeserapo kuti akalakwitsa asamagwetse yeniyeni.

Choyamba anachotsa tsiku lakale lija n'kukonza nambala. Anaganiza kuti wamaliza. Koma anthu ankabwerabe masiku olakwika, chifukwa amene chipewa chinawalepheretsa ankangonyamuka kudzayesa mwayi.

Apa m'pamene nzeru za pamsika zinamubwerera. Wogulitsa aliyense amadziwa kuti chimene wogula wabwerera chimakhala kutsogolo, pamene maso agwere asanatsike n'komwe minibasi. Palibe amene amaika chithunzi cha agogo ake patsogolo pa benchi, mpunga n'kuubisa kumbuyo.

Anatola makatoni a sopo, n'kuwadula kukula ngati foni, n'kumajambulapo mmene tsamba loyamba lingaonekere. Tsiku la msika ankakwera minibasi kupita pa Golomoti kwa anzake akale. Ankamupatsa munthu katoni, ndipo pambuyo pake, atayamba kupanga tsamba lenileni, ankamupempha kuti atsegule pafoni yake yomwe. Ankanena mawu ochepa okha: "Tiyerekeze kuti m'bale wanu alibe mwendo. Pezani tsiku loyeza." Akatero ankatseka pakamwa n'kumangoyang'ana chala cha munthuyo.

Kutseka pakamwako ndiye kunali kovuta kuposa kompyuta. Chala chikalowera kolakwika, mawu ankamufika pakhosi, koma ankawameza. Ankadziwa kuti Damiano ku Joni analibe Priscilla pambali pake womuuza podina.

"Priscilla kukhala chete?" anzake ankamuseka. "Lero kugwa mvula."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaona kuti timizere titatu tapakona, timene odziwa amati ukadina pamatuluka mndandanda, anthu ambiri sankatiganizira n'komwe. Zilembo zotuwa zing'onozing'ono, zooneka bwino muofesi, padzuwa la pa Golomoti zinkasowa. Asodzi ndi alimi ali ndi zala zikuluzikulu zolimba, ndipo batani laling'ono ankaliphonya. Mapu sanathandize aliyense, koma atalemba kuti "tsikirani pasiteji, tsatani njira yodutsa pamlambe waukulu", aliyense anagwedeza mutu. Mayi wina anawerenga tsiku bwinobwino n'kufunsa kuti, "Chaka chake chiti?" Ndi funso lomwe lija limene linamudyera miyezi isanu ndi umodzi.

Anaonanso kuti ambiri, makamaka achikulire, ankaitenga foni n'kuibweza mwaulemu, amvekere maso akuvuta. Anadziwa kuti vuto silinali maso.

Pofika Januwale 2024 tsamba latsopano linali litatheka. Linalibe chithunzi chachikulu. Pamwamba penipeni panali malo a tsiku loyeza, m'Chichewa, m'zilembo zakuda zikuluzikulu, ndi dzina la tsikulo ndi chaka chomwe. Pansi pake panali batani lalikulu loimbira foni, njira yofikira, ndi mawu oti zonse n'zaulere, munthu angotenga kabuku kake ka kuchipatala. Ofuna kuthandiza bungwe anali ndi batani lawo lowatengera kutsamba la Chingerezi. Mawu a wapampando, akomiti ndi mafumu sanawataye ayi. Anawasamutsira kutsamba lam'kati. Ngakhale pafoni yake yokalamba ija, tsambalo linkatseguka munthu asanamalize kupereka moni.

Anapita nalo kumsonkhano wa komiti mtima uli m'mwamba. Foni inazungulira m'manja mwa onse. Itafika kwa mayi Margret, mlembi wa komiti, anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga aphunzitsi ali pati?"

"Ali m'kati, mayi. Mukadina apa muwapeza."

"M'kati? Mwini khomo kumutsekera kuchipinda, alendo n'kumalandiridwa ndi manambala? Nanga mafumu akaona, tidzawauza chiyani?" Anaika foni patebulo. "Iwe mtsikana, mwendo waimirawo anakupatsa ndani?"

A Bizeki sanayang'ane aliyense. Ankangozunguza chipewa chawo pabondo.

"Tiisiye momwe ilili," anatero motsitsa mawu.

Priscilla anafika kwa azakhali ake dzuwa likadalipo, n'kuvula mwendo uja, n'kuuimika kukhoma. Anauyang'ana, manyazi atamugwira. Mayi Margret sanali munthu woipa, ndipo sananame. Popanda a Bizeki bwenzi akupetabe mpunga wa eni pamphasa. Kodi kuthokoza kwake n'kumeneku, kuwachotsa pamaso pa anthu? Anaganiza zongobweza kope n'kubwerera kumalonda ake. Koma akatseka maso ankaona ngolo ya a Chakufwa ikutembenuka, ndipo Malichi anali pafupi.

Patapita masiku anayi anapita kunyumba kwa a Bizeki. Mwendo wochita kupanga sugwada bwino, koma anagwada.

"Aphunzitsi, sindinabwere kudzatsutsa za komiti. Ndikungopempha tsiku limodzi. Tipitire limodzi kumsika. Mukakati ndisiye, ndisiya."

Mkuluyo anamuyang'ana kwa kanthawi. "Dzuka, ungadzipweteke. Tipita."

Pa Golomoti, Priscilla anabwereka foni kwa Veronika, mnzake wogulitsa tomato, amene sankawadziwa a Bizeki. Inali foni yomangidwa ndi labala, galasi lili ngati ukonde. Anatsegula webusayiti yakale n'kuwapatsa.

"Mundikhululukire ndi zimene nditi ndinene, aphunzitsi. Tiyerekeze kuti amayi akunyumba akadali moyo. Inu muli kutali, ndipo mukufuna kudziwa tsiku loti akayezedwe. Lipezeni."

Nkhope ya a Bizeki inasintha, koma foni anailandira. Priscilla anatseka pakamwa.

Panayera mbee. Mkuluyo anatchinga dzuwa ndi dzanja. Thukuta linayamba kutsika. Kenako chinthu chakuda chija chinayamba kutuluka pamwamba.

"Chimenecho n'chipewa, bambo," anatero Veronika akusanja tomato wake. "Chimachedwa. Priscillayu wandiyesetsa kangapo konse, koma mwini wake sindinamuonepo nkhope. Kaya ndi munthu wotani wokonda chipewa chake chonchi."

Atatero anadzutsa mutu. Anayang'ana pafoni, n'kuyang'ana pamutu pa mkulu amene anaima patsogolo pake, n'kugwira pakamwa.

A Bizeki anaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kunatha, koma misozi sinathe. Anayang'anabe pafonipo mpaka uthenga unabwera woti bandulo yatha. Chipewa chinali chitangofika pamphumi.

"Mayi akunyumba anadikira mwendo zaka ziwiri," anatero. "Ndinalonjeza pamanda awo kuti wina asadzadikirenso. Ndiye amene waima pakhomo kutchinga anthu ndine?"

Priscilla anatsegula tsamba latsopano pafoni yake n'kuwapatsa. Sanachedwe n'komwe. Chala chawo chinagwera pamalo a tsiku pomwepo.

"Chotsa chipewacho, mwana wanga. Akomiti ndi mafumu ndikawauza ndekha."

"Koma moni sitisiya, aphunzitsi. Mayi Margret ananena zoona, alendo salandiridwa ndi manambala. Komanso kuno ambiri sawerenga, angochita manyazi kunena. Pakufunika mawu a munthu oti akadina amve ndi makutu, n'kuwatumiziranso abale awo pa WhatsApp. Mawuwo akhale anu."

Akatswiri atatsimikiza tsiku, Priscilla ndi a Bizeki anakhala pansi kuti ajambule mawuwo. Apa panali ntchito. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuyankhula pamizere ya ana asukulu sungamuuze kuti amalize mumpweya umodzi. Akangoyamba, amvekere, "Choyamba ndithokoze a gulupu, nyakwawa zonse..." Priscilla n'kuimitsa. Anabwereza kakhumi ndi kamodzi. Omaliza anatuluka chonchi:

"Muli bwanji nonse? Ndine Bizeki wa ku Tiyendenso, ku Mtakataka. Oyeza miyendo abwera Lachinayi pa 7 Malichi, chaka chino cha 2024. N'zaulere. Bwerani, tikudikirani."

"Moyo wanga wonse sindinayankhulepo zazifupi chonchi," anadandaula mkuluyo.

Mayi Margret atawamvera anati, "Apa ndiye alonjeredwa." Ndipo anali iwo oyamba kuwatumiza kugulu la amayi a kutchalitchi kwawo.

Lachinayi lija, pofika nthawi yotsegula ofesi, njinga zinali zitadzaza mpaka pamlambe. Anthu anachokera ku Mua, ku Golomoti, kumidzi ya kunyanja, ambiri a iwo mayina awo asali m'kope. Akatswiri anachita kuwonjezera tsiku lachiwiri. Priscilla ali kalikiliki kulemba, anamva kulira kwa mateyala a ngolo. Atadzutsa mutu anaona a Chakufwa.

"Mwabwera, bambo?"

"Mwana wanga uja anatumiza mawu pafoni ya aneba. Zolembalemba ndikanati n'zomwe zija. Koma munthu wamkulu kutchula dzina lake ndi pakamwa pake, ndinati ameneyu sanganame." Anayang'ana uku ndi uku. "Ali kuti mwini mawuyo?"

A Bizeki anayandikira, navula chipewa, nawagwira chanza ndi manja awiri.

Koma tsiku limene Priscilla amalikumbukira kwambiri si limenelo. Ndi la sabata yotsatira, pa 14 Malichi, patatha zaka ziwiri ndendende chilirire pakhonde paja. Anafika m'mawa, n'kutsegula kope, n'kuika madzi akumwa pafupi monga ankachitira podikira ochedwa. Njinga iliyonse ikatulukira pamlambe ankadzutsa mutu. Zonse zinkadutsa. Dzuwa linafika paliwombo, n'kupendeka.

Chakumasana a Bizeki anatsamiritsa njinga yawo kukhoma n'kukhala pansi pamalo omwe aja.

"Lero alendo angati?"

Priscilla anawaonetsa tsamba la kope. Linali loyera.

"Palibe, aphunzitsi. Palibe ndi mmodzi yemwe."

Anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulira, ndipo mkuluyo anamusiya alire.

Lero Priscilla ndi wantchito wa bungwelo, ndipo timabungwe tina ta m'chigwachi timamuitana kuti akationere mawebusayiti awo. Amapita ndi makatoni ake m'jumbo. Akafika safunsa kuti wapampando ndani. Amafunsa kuti, "Munthu amene akukufunani kwambiri ali ndi foni yotani, ndipo akufuna kudziwa chiyani?" Satifiketi ya fomu folo alibe mpaka pano.

Ndiye inu amene muli pakhonde lanu lero, kaya mayeso anakukanani, kaya thupi linakuchepetsani, kaya amene munkamudalira anapita kukafuna maganyu, mverani. Chitseko chimene chakupwetekanicho mukuchidziwa kuposa amene anachikhoma, ndipo kumbuyo kwanu kukubwera ena amene adzachipeza chotseka ngati inu muchoka. Lirani ngati misozi yabwera, palibe cholakwika. Mukatha kulira funsani, phunzirani, lakwitsani, yambiraninso. Akulu akakukanizani musawanyoze, apempheni tsiku limodzi lokha. Mtima wanuwo musautaye pakhondepo. Utoleni, muimirire, mukatsegule.